Mipando ya ku Lyon: ndani amasankha oyendetsa bungwe lofufuza za khansa?

Amayi a ku Angónia akamatengera ana awo aakazi kuchipatala kukabayitsa katemera wa HPV, ndi ochepa amadziwa kuti mbali ina ya nzeru za katemerayu inachokera mumzinda wa Lyon, ku France. Kumeneko ndi kumene kuli bungwe la IARC, nthambi ya bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO, yofufuza zimene zimayambitsa matenda a khansa.

Bungweli linakhazikitsidwa m'chaka cha 1965 ndi maiko asanu: France, Italy, West Germany, Britain ndi United States. Ganizo lake linachokera kwa anthu ophunzira a ku France amene mu 1963 anapempha Pulezidenti Charles de Gaulle kuti maiko apatuleko kachigawo kochepa ka ndalama zogulira zida zankhondo, kagwire ntchito yolimbana ndi khansa.

Bungweli limayendetsedwa ndi khonsolo yaikulu imene imakumana chaka ndi chaka. Dziko lililonse lomwe ndi membala limatumiza nthumwi imodzi, ndipo mkulu wa WHO nayenso ali ndi mpando. Khonsoloyi ndiyo imavomereza bajeti, imasankha akatswiri a khonsolo ya sayansi kwa zaka 4, ndiponso imasankha mtsogoleri wa bungweli kwa zaka 5. Mu 2018 inasankha Dr. Elisabete Weiderpass, wobadwira ku Brazil, mayi woyamba kukhala paudindowu.

Koma mpando supezeka chabe. Dziko liyenera kuvomerezedwa ndi mamembala anzake, kenaka kumasonkha ndalama chaka chilichonse. Dziko la Brazil linalowa mu 2013, ndipo Morocco inakhala dziko loyamba la mu Africa kulowa mu 2015. Pofika 2024, panalibe dziko ngakhale limodzi la kummwera kwa chipululu cha Sahara lokhala ndi mpando.

Izi n'zodandaulitsa chifukwa matenda ofufuzidwawo ndi athu omwe. Mu 1995 bungweli linatsimikiza kuti kachirombo ka HPV ka mitundu 16 ndi 18 kamayambitsa khansa. Khansa ya khomo la chiberekero ndiyo imapha amayi ambiri muno mu Moçambique kuposa khansa ina iliyonse, ndipo boma linayamba kupereka katemera kwa atsikana m'dziko lonse mu 2021. Bungwe lomweli linaikanso aflatoxin, poizoni wochokera ku chuku cha m'chimanga ndi mtedza wosauma bwino, m'gulu la zoyambitsa khansa ya chiwindi. Mlimi aliyense wa ku Tete ndi Niassa wokhala ndi nkhokwe, nkhaniyi ikumukhudza.

Amene ali pampando ndiye amanena kumene ndalama za kafukufuku zipite. Akatswiri athu angathe kugwira ntchito limodzi ndi bungweli, koma pa tsiku lovota dzanja lathu silikwezedwa. Paja mwana wosalira amafera pamsana pa amake.