Njinga Yothamanga, Mabuleki Ochedwa

Sendezani mipando, azakhali anu ndabwera ndi funso. Kodi mukumudziwa mwana amene sakhazikika m'kalasi? Ndikhulupirira mukumudziwa. Aphunzitsi akulemba pa bolodi, iye maso ali pazenera, akuwerenga galimoto zopita ku Mchinji. Funso lisanathe, wayankha kale. Cholembera wataya chachitatu sabata ino. Anthu amangoti ndi wosamva. Mwina mwanayo ndi iweyo.

Kodi ndi wosamvadi? Nthawi zina ayi. Ana ena amabadwa ndi mutu wothamanga kwambiri, ndipo madokotala amalitcha vutoli ADHD. Si ulesi. Si ufiti. Si kupusa. Dokotala wina wa ku London, George Still, anafotokoza za ana otere kalekale mu 1902. Tayesani izi: werengani njere za chimanga 100, kenaka mupatule 5. Pa ana 100 alionse, pafupifupi 5 ali ndi ADHD. Ndiye ngati ndi iwe, suli wekha. Koma wotsimikiza kuti ndi ADHD ndi wachipatala, osati anzako.

Nanga m'mutumo mumachitika chiyani? Tsinzinani. Mwakwera njinga yatsopano, mukutsika mtunda. Mphepo ili fuu kumaso! Kutsogolo kwatulukira mbuzi. Mugwira chiyani? Mabuleki! Tsono gwirani pamphumi panu. Kuseri kwa fupa limenelo kuli mabuleki a ubongo. Ndi amene amanong'ona kuti, "Dikira kaye, ganiza." Chodabwitsa n'chakuti mabuleki amenewa sakhwima msanga. Amakulabe mpaka munthu atafika zaka pafupifupi 25. Chotsani zaka zanu pa 25. Zatsala zingati? Zonsezo mabuleki anu akumangidwabe, usana ndi usiku, ngakhale muli mtulo! Kwa mwana wa ADHD, njinga ndi yaliwiro zedi, koma mabuleki amachedwerapo kugwira.

Kodi mowa umalowa pati? Umathamangira pa mabuleki pomwepo. Zili ngati kuthira mafuta ophikira pa mabuleki a njinga. Ugwira, koma tayala lingoterereka. Kachasu amatero. Mowa wa m'timabotolo umatero. Chamba nacho chimasokoneza kukumbukira, ndiye zimene waphunzira m'mawa zimathawa usanafike kunyumba. Mwana aliyense amavulala nazo. Koma amene mabuleki ake ndi ochedwa kale amavulala kwambiri, ndipo sachedwa kuzolowera.

Nanga n'chifukwa chiyani ena amayambabe? Apa ndimamva chisoni, ana anga. Mwana amene amakalipiridwa tsiku ndi tsiku amatopa. Akafika pamsika, mnzake amamuuza kuti, "Tangolawa pang'ono, mutu uzizire." Iye amalawa asanaganize. Mutu umakhaladi ngati wazizira, koma kwa kanthawi kochepa. M'mawa mwake kuiwala kwawonjezeka, mtima wapsa, ndalama ya makope yapita. Boma linaletsa mowa wa m'masacheti mu 2015 chifukwa unkaononga ana ambiri. Lamulo sililolanso kugulitsa mowa kwa munthu wosakwana zaka 18.

Kodi mwana wa mutu wothamanga angapite patali? Eetu! Mverani za Michael Phelps wa ku America. Ali mwana sankakhazikika m'kalasi, ndipo anamupeza ndi ADHD. Mphamvu zake zonse anazipititsa m'madzi, nayamba kusambira. Pa masewero a Olympics anapata mendulo zagolide 23. Tawerengani zala zonse za kumanja ndi za kumapazi. Zakwana? Zaperewera zitatu! Komatu ngakhale iye mowa unamugwetsa. Mu 2014 apolisi anamugwira akuyendetsa galimoto atamwa. Sanabisale. Anapita kukalandira thandizo, ndipo mu 2016 ku Rio de Janeiro anapatanso golide kasanu.

Tsono mabuleki tingawalimbitse bwanji? Tiyeni tiyesere pompano. Wina akakupatsa chinthu, usalandire msanga. Ika manja kumbuyo. Werenga chamumtima kuchokera pa 10 kubwerera pa 1. Kenaka nena mokweza kuti, "Ayi, ine sindimwa," n'kuchokapo. Mawu amenewa uwayesere lero ndi mng'ono wako, iye akhale wokunyengerera. Chitani katatu, kenaka musinthane. Mawu amene pakamwa pawazolowera amatuluka okha tsiku lovuta. Ndipo thupi lako ulipatse ntchito: mpira wamiyendo, wamanja, fulaye, kuthirira kudimba, kuimba kwaya. Mutu wothamanga umakhazikika bwino thupi likatuluka thukuta.

Nanga ngati walawa kale? Usachite manyazi, mwana wanga, ndipo usabise. Uza amayi, agogo kapena mphunzitsi amene umamukhulupirira. Apemphe akuperekeze kuchipatala chapafupi, kaya ku Chitedze, ku Kabudula kapena ku St Gabriel ku Namitete. Ukawafotokozere zonse, za mowa ndi za mutu wosakhazikikawo. Ngati pakamwa pakulemera, bwereka foni uimbe 116, nambala yaulere yothandiza ana. Ilembe lero kuseri kwa kope lako la masamu.