Manda a dothi a Mfumu Askia akali ciimire

Ife alimi tidziwa zimene mvula imacita ku cipupa ca dothi ngati mwini wake aleka kucimata. Koma mumzinda wa Gao ku Mali, pafupi ndi mtsinje wa Niger, muli manda a dothi amene aima zaka zoposa 500.

Manda awa ndi a Askia Muhammad, mfumu yacisilamu imene inalanda ufumu wa Songhai mu 1493. Anamangidwa mu 1495, mwini wake akali moyo. Aoneka ngati culu cacikulu ca mamita 17 kupita m'mwamba, ndipo pambali pake pali mizikiti iwiri, manda a anthu ena ndi bwalo la mapemphero.

Askia anapita ku Mecca, anakuza malonda, ndiponso analemekeza anthu ophunzira a ku Timbuktu. Koma atakalamba ndi kufa maso, mwana wake Musa anamucotsa pampando mu 1528, ndipo pambuyo pake anapitikitsidwa kukakhala pa cisumbu ca mumtsinje wa Niger. Mwana wina, Ismail, anamubwezeretsa ku Gao kumene anamwalira mu 1538. Ufumu wa Songhai unagwa mu 1591 pamene asilikali a ku Morocco anabwera ndi mfuti.

Nanga n'cifukwa ciani manda okha sanagwe? Yankho lili pa mitengo imene ituluka m'zipupa zake monga minga ya nungu. Anthu a ku Gao amasonkhana nthawi ndi nthawi, kukanya dothi, kukwera pa mitengo imeneyi ndi kumata mwatsopano pamene mvula ndi mphepo zakokolola. Atate amaphunzitsa ana awo, motero nchito siima.

Bungwe la UNESCO linaika malowa pa mndandanda wa cuma ca dziko lonse mu 2004. Mu 2012, pamene zigawenga zinalanda kumpoto kwa Mali ndi kugumula manda a anthu oyera ku Timbuktu, linalengeza kuti a Askia nawonso ali pangozi. Mwamwai sanagumulidwe.

Abale, nafenso tili ndi machalichi a njerwa m'midzi, nkhokwe ndi manda a makolo amene amera thengo. Timangodikira thandizo lakunja pamene dothi, madzi ndi manja tili nazo. Mutu umodzi susenza denga. Mvula isanayambe, tiyeni tipangane tsiku.