Thandizo la Zisudzo Lifikenso ku Chiradzulu

Mliri utatseka maholo

Pa 20 Malichi 2020, Pulezidenti Peter Mutharika analengeza kuti dziko lili pa ngozi chifukwa cha Covid-19, n'kuletsa misonkhano ya anthu oposa 100. Masukulu anatsekedwa pa 23 Malichi. Gulu la zisudzo la ku Namitambo kapena ku Mbulumbuzi limadalira ndalama za pakhomo: labwereka holo ya sukulu, lakoloweka zitenje pa chingwe kuti osewera azivalira kuseri, wina waima pachitseko kulandira zolowera. Holo itatsekedwa, ntchito inathera pomwepo.

Boma linakonza thandizo la K35,000 pamwezi, koma la mabanja a m'mizinda ya Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba. Chiradzulu, ngakhale anachita malire ndi Blantyre, sanali m'ndandandamo.

Zomwe mabungwe ankamenyera

Bungwe la National Theatre Association of Malawi, pamodzi ndi mabungwe a oyimba ndi alembi, linalimbikira pempho lakalekale: pakhale National Arts and Heritage Council, khonsolo yolandira ndalama za m'bajeti ndi kuzigawa mwa lamulo. Ndondomeko ya dziko ya zachikhalidwe inavomerezedwa mu 2015, koma mliri unafika khonsoloyo kulibe. Kwa zaka zambiri zaluso zinkapumira thandizo la dziko la Norway, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti mlendo ndiye ankasamala kuposa mwini nyumba.

Nanga ndalama za COSOMA?

Lamulo la Copyright Act la 2016 linabweretsa msonkho pa zipangizo zokopera nyimbo ndi mafilimu, monga mafoni ndi mafulashi, ndipo COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito zaluso, imagawa ndalamazo kwa mamembala amene analembetsa ntchito zawo. Oyimba apindula, ndipo n'koyenera. Koma sewero loseweredwa pansi pa mtengo ku Thumbwe, lophunzitsa anthu kusamba m'manja, silijambulidwa. Palibe choti munthu akope, choncho msonkhowo suwafika amene anasewera.

Kugawa kwachilungamo

Kuti thandizo lifikenso ku Chiradzulu, magulu a m'maboma alembetse, atsegule akaunti ku banki, alowe m'bungwe la zisudzo ndipo azikavota posankha atsogoleri. Nawo ogawa ndalama apatule gawo la maboma, alole mafomu a m'Chichewa, ndipo mayina a olandira ndi kuchuluka kwa ndalama azimatidwa poyera pa ofesi ya DC. Pambuyo pa nkhani ya K6.2 biliyoni ya Covid-19 imene kafukufuku wa 2021 anapeza kuti ina inasakazidwa, palibe wazisudzo angavomere kugawana kwa m'chipinda.