Ulendo wa ku Joni: masiku oyamba a Mmalawi pa mgodi wa golide

Kwa zaka zambiri, njira yodziwika imene mwamuna wa ku Nyasaland, ndipo pambuyo pake Malawi, ankadzera popita kukagwira ntchito kunja inali ya Wenela. Dzinali ndi chidule cha Witwatersrand Native Labour Association, bungwe limene eni migodi ya golide ku South Africa anakhazikitsa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 kuti lizilemba antchito m'maiko ozungulira, ndipo mpaka lero malo okwerera mabasi mumzinda wa Blantyre akudziwikabe ndi dzina lomweli. Mu 1913 boma la South Africa linaletsa kulemba anthu ochokera m'madera otentha a kumpoto chifukwa ambiri ankafa ndi chibayo atangofika, koma chiletsocho chinachotsedwa m'zaka za m'ma 1930, ndipo pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Amalawi oposa 100,000 anali m'migodiyo. Chimene chinkawatulutsa pakhomo sichinali chinsinsi: msonkho unkafunika ndalama, ukwati unkafunika ndalama, pamene munda sunkabala ndalama zokwanira.

Ulendo unkayambira pa ofesi ya Wenela, pamene munthu ankayesedwa m'thupi, kupimidwa pa sikelo ndi kudinda chala pa pepala la mgwirizano limene nthawi zambiri sankatha kuliwerenga. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950 bungweli linali ndi ndege zakezake, moti anthu amene sanafikepo ngakhale ku boma la kwawo ankakwera ndege mpaka ku Francistown, m'dziko limene tsopano ndi Botswana, ndipo kuchokera kumeneko ankalowa sitima ya pamtunda yopita ku Johannesburg, mzinda umene kumudzi ankangouti Joni.

Chofunika kuchizindikira n'chakuti mlendoyo sankauona mzinda umene anaumvera mbiri yake. Akatsika sitima ankalowetsedwa pa malo olandirira antchito a Wenela, otchedwa Mzilikazi, pamene ankavulidwa zovala pamodzi ndi anzake mazanamazana, kuyesedwanso chifuwa ndi kudindidwanso zala, kenaka n'kugawidwa ku mgodi umene unali ndi malo, iye osafunsidwa maganizo. Kwa munthu wochokera kumene kuvula pamaso pa mwana kapena mkamwini ndi chinthu chochititsa manyazi, mzere wa amuna amaliseche, achikulire ndi anyamata osakanikirana, unali phunziro loyamba la mmene moyo watsopanowo unkamuonera. Pa mgodi ankalandira nambala imene ankavala pamkono, ndipo chakudya, malipiro ndi chipatala zonse zinkayendera nambalayo, dzina lake n'kutsalira anzake a m'chipinda okha.

Malo ogona ankatchedwa komponi, kutanthauza mpanda waukulu wa zipinda za amuna okhaokha, wokhala ndi chipata cholondera. M'makomponi akale, mabedi anali mashelefu a simenti osanjikizana, pakati pa chipinda pali mbaula ya malasha, pakuti kuzizira kwa m'miyezi ya June ndi July ku Witwatersrand n'koopsa kwa munthu wozolowera nyengo ya kunyanja kapena ya ku Chigwa cha Shire. Eni migodi ankagoneka anthu motsata mtundu kapena dziko lochokera, ndipo chipinda chilichonse chinali ndi mtsogoleri wake wotchedwa isibonda, pamene pamwamba pawo panali induna wosankhidwa ndi bwana wa komponi. Kugawa anthu motereku kunkapatsa mlendo chitonthozo chomva chinenero cha kwawo tsiku loyamba lomwelo, komanso kunkathandiza eni mgodi kuti antchito a mitundu yosiyana asamvane msanga n'kuyamba kufunsa za malipiro.

Asanatsike pansi, wantchito watsopano ankaphunzitsidwa Fanakalo, chinenero chosakaniza chimene mawu ake ambiri ndi a Chizulu, ena a Chingerezi ndi Chiafrikaans, ndipo maphunzirowo ankayamba ndi maina a zida monga fosholo ndi nyundo pamodzi ndi mawu olamula. Chinali chinenero chomvera, osati chofotokozera zimene zili mumtima. Panalinso kuzoloweretsa thupi ku kutentha, chifukwa m'migodi yakuya, ina yopitirira makilomita atatu, mwala weniweniwo umatentha. M'zaka za pambuyo pake izi zinkachitikira m'chipinda chotentha ndi chachinyontho, momwe amuna ankakwera ndi kutsika pa kachitunda kwa maola angapo tsiku lililonse, kwa masiku angapo, wina akuwapima kutentha kwa thupi. Zikatha izi m'pamene munthu ankalowa m'chikepe chachitsulo chimene chinkatsika mwa liwiro lotseka makutu, atavala chipewa cholimba chokhala ndi nyali, n'kukafika kumalo kumene denga ndi lalifupi moti ntchito yobowola ndi kuwola miyala inkagwiridwa chonjuta.

Gawo lina la malipiro silinkaperekedwa ku Joni koma linkasungidwa kuti munthu akalandirire kwawo mgwirizano ukatha, njira imene inkabweretsera boma la dziko lake ndalama zakunja ndiponso kukakamiza wantchito kubwerera. Ambiri ankabweradi ndi njinga, wailesi, sutikesi ndi mabulangete, zinthu zimene zinkakopa achinyamata ena kukalembetsa, ngakhale kuti ena ankabweranso ndi chifuwa chachikulu kapena matenda a fumbi la miyala m'mapapo, amene amaonekera patapita zaka. Amene sankabwerera konse ankatchedwa matchona.

Pa 4 April 1974 ndege ya Wenela imene inkabwera ndi antchito kumudzi inagwa itangonyamuka ku Francistown, ndipo Amalawi 74 anafa. Pulezidenti Kamuzu Banda analetsa kulemba anthu opita kumigodi, ndipo pamene ntchitoyi inayambiranso mu 1977, pansi pa dzina latsopano la TEBA limene anthu ankalitchula kuti Theba, chiwerengero sichinabwererenso pamene chinali. Mu 1988 njirayi inatsekekeratu, potsatira kusamvana kwa maboma a Malawi ndi South Africa pa nkhani yoyeza antchito achimalawi kachilombo ka HIV.