Kodi kabati ya agogo ndi ndalama zingati?

Amene anafikako ku Katowo akudziwa kuti si ulendo wamasewera. Umachoka pa Rumphi boma, kudutsa pa Bolero, fumbi lili koboo, mpaka kukatsikira kuchigwa cha Hewe, dera la mfumu Katumbi, komwe Zambia ili pafupi kuposa boma lako lomwe. Ine ndinapitako mu Ogasiti 2023 kukaika apongozi anga aamuna, ndipo zomwe ndinaona litatha tsiku la maliro ndi zomwe zandigwiritsa cholembera lero.

Achibale atakhala pansi kuti aone za katundu wa malemu, zinthu zinayamba bwino. Ng'ombe aliyense amadziwa mtengo wake. Ngolo, njinga, wailesi, zonsezi panalibe kukangana. Moto unabuka pa kabati yakale ya mlombwa yomwe inali pabalaza, yopangidwa ndi bambo awo a malemuwo, amene anaphunzira ukalipentala ku Khondowe. Mng'ono wa malemu anati, "Ichi n'chiphakasa, ndingochitenga ine chikhale chikumbutso, alamu atsale ndi sofa." Mnyamata wina wa m'banjamo, yemwe amachita geni ku Mzuzu, anadumpha nati mwini loji ina anaiona kabatiyo pachithunzi ndipo analonjeza ndalama zoposa mtengo wa ng'ombe ziwiri. Basi mkangano. Mayi wamasiye anangoti zyoli, osayankhulapo kanthu.

Ndani ankanena zoona? Panalibe amene akadatha kuweruza, chifukwa panalibe amene ankadziwa kawerengedwe ka mtengo wa chinthu chotere. Ndipo vutoli si la ku Hewe kokha. Lili ku Ndirande, lili ku Kawale, lili m'nyumba mwanu inu amene mukuwerenga.

Chodabwitsa n'chakuti anthu a kuderali anaphunzirapo kale phunziro limeneli. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1700, amalonda otchedwa Balowoka anaoloka nyanja kudzafuna minyanga ya njovu, ndipo maufumu a Chikulamayembe ndi Katumbi amachokera kwa iwowo. Mbiri yapakamwa imati eni dziko ankangokhalira minyangayo ngati mipando, osadziwa kuti kutsidya ndi chuma, ndipo ankaisinthanitsa ndi nsalu ndi mikanda. Wogula ankadziwa mtengo, wogulitsa ayi.

Mipando ndi makabati akale alipo ambiri ndithu m'boma la Rumphi, ndipo chifukwa chake n'chodziwika. Dr Robert Laws atakhazikitsa mishoni ya Livingstonia ku Khondowe mu 1894, sukulu ya Overtoun inkaphunzitsa ntchito zamanja, kuphatikizapo yopala matabwa. Amisiri otuluka kumeneko anamwazikana m'midzi ndi m'matauni, ena mpaka ku Northern Rhodesia ndi ku Joni. Amene akufuna kuona dzanja la nthawi imeneyo akalowe mu Stone House, nyumba yomwe ankakhala Laws, yomwe pano amasungiramo zinthu zakale. Onjezaniponso mabokosi ndi makina osokera omwe azibambo ankabwera nawo pochokera ku Wenela ndi ku Theba, muona kuti nyumba zambiri zakumudzi zili ndi katundu yemwe lisiti lake linatayika agogo akadali anyamata.

Tsono lamulo likutinji? Kuyambira 1967 nkhani za chuma chamasiye zinkayendera lamulo la Wills and Inheritance Act. Mu 1998 aphungu analisintha kuti kulanda katundu wamasiye ukhale mlandu, ndipo mu 2011 linalowedwa m'malo ndi Deceased Estates (Wills, Inheritance and Protection) Act. Lamulo latsopanoli likunena mosapsatira kuti ngati munthu wamwalira osasiya wilo, ziwiya ndi katundu wogwiritsa ntchito m'nyumba ndi za mkazi kapena mwamuna wotsalayo. Kabati ija, kaya ndi yachabe kaya ndi yagolide, inali ya apongozi anga aakazi. Ndipo wolanda katundu wamasiye angathe kukhala kundende zaka 10, kuphatikiza chindapusa chosachepera mtengo wa zomwe walandazo.

Mwamva pamenepo? Chosachepera mtengo wa zomwe walandazo. Ndiye kuti woweruza ayenera kuuzidwa mtengowo. Akabwera wolanda n'kunena kuti chinali chiphakasa chodyedwa ndi chiswe, katunduyo atagulitsidwa kale kutsidya kwa malire, mayi wamasiye adzatsutsa ndi chiyani? Misozi siwerengedwa ngati umboni.

Kulinso msonkho. Chuma chamasiye chikapyola mlingo woikidwa ndi lamulo la Estate Duty Act, boma limadulapo gawo lake, ndipo limawerengera zonse zomwe malemu anasiya, osati nyumba ndi ndalama zakubanki zokha. Mukalemba mtengo wokwera mopyola, ana amasiye aluza ndalama pachabe. Mukabisa dala, mwapalamula. Banja wamba la ku Katowo mwina silingafike pamlingowo, koma wamalonda wa ku Limbe yemwe ali ndi nyumba, golosale ndi lole afikapo mosavuta.

Apa pali mfundo imene ambirife sitiidziwa: chinthu chimodzi chimakhala ndi mitengo ingapo nthawi imodzi, ndipo yonse ndi yoona. Pali mtengo wapamsika, womwe wogula wosakakamizidwa angapereke kwa wogulitsa wosakakamizidwa. Uwu ndi umene amafuna a msonkho ndi a khoti. Pali mtengo wopezera china chofanana nacho chikapsa kapena chikabedwa, womwe timakambirana ndi a inshuwalansi, ndipo kawirikawiri umakhala wokwera. Kenako pali mtengo wa mwadzidzidzi, uja wa pa okushoni asherifu akakulandani katundu chifukwa cha ngongole. Amalonda amene munaikapo mipando yanu ngati chikole mukuudziwa umenewu, sindichita kukuuzani. Ndiye munthu akakuuzani kuti "kabati iyi ndi yakuti-yakuti", mufunseni kuti, mtengo wake uti?

Za inshuwalansi ndiimepo pang'ono, poti apa ndi pomwe anthu amalira kawiri. Tinene kuti katundu wa m'nyumba mwanu ndi wa K4 miliyoni, koma inu pofuna kulipira zochepa munalembetsa K2 miliyoni. Moto waononga katundu wa K1 miliyoni. Inu mukuyembekeza K1 miliyoni, si choncho? M'mapangano ambiri muli ndime yoti poti munateteza theka lokha la katundu wanu, kampani ikupatsaninso theka la zomwe zaonongeka, K500,000 basi. Ndipo ngati simunanene poyamba kuti pakati pa katunduyo pali chinthu chakale chamtengo wapatali, adzachiwerengera ngati kabati wamba yotha ntchito. Njira yake ndi kugwirizana nawo mtengo wa chinthucho moto usanabuke, ndi kuulemba m'pangano.

Ngakhale amene analembetsa moona amagwa m'mbuna yomweyo chifukwa cha kwacha. Chiyambire February 1994 pomwe boma linaisiya kuti izidziyendera yokha, ndalama yathuyi yakhala ikutsika: inagwa kwambiri mu Meyi 2012, inatsitsidwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Mtengo womwe tikadalemba pamaliro paja mu Ogasiti ukadakhala wabodza pofika Khirisimasi. Chikalata cha mtengo chopanda deti ndi pepala lokulungira mandasi.

Nanga wodziwa ntchitoyi amayang'ana chiyani? Choyamba thabwa. Mlombwa, mbawa ndi mkungudza wa ku Mulanje si zofanana ndi paini wa ku Chikangawa, ndipo mitengo imeneyi ikusowa. Mkungudza unalowa pa mndandanda wa pangano la CITES loteteza zachilengedwe mu 2019, mlombwa ndi mbawa zinatsatira mu 2022. Thabwa lalikulu lopanda cholumikiza, longa lomwe lili pachitseko cha kabati ija, kalipentala walero alisaka mpaka nsapato kutha. Kenako amatulutsa dirowa n'kuona polumikizira: mano olumana osemedwa ndi manja sakhala ofanana ndendende, pomwe a makina amafanana. Amasuzumira kumbuyo ndi kunsi komwe vanishi sanafike, kuti aone mabala a pulena. Amafufuza ngati zogwirira zinasinthidwa, ngati mwendo ndi wakewake, ngati pali pofumbwa.

Ndipo chonde, abale anga, lekani kupaka penti yonyezimira pa zinthu zakale poti kukubwera alendo. Kwa inu mwakongoletsa, kwa wogula mwachotsa mtengo.

Chomaliza ndi mbiri ya chinthucho. Anapanga ndani, liti, chinadutsa m'manja mwa yani? Kalata yakale, chithunzi chaukwati chomwe kabatiyo ikuoneka kumbuyo, mawu a gogo olembedwa iye akadali moyo, zonsezi ndi umboni. Ngati chinthucho chili ndi mbiri yokhudza dziko kapena ufumu, kumbukiraninso lamulo la Monuments and Relics Act la 1990, lomwe sililola kutulutsa zinthu zakale zotetezedwa kunja kwa dziko popanda chilolezo. Ku Hewe, komwe munthu amaoloka malire pa njinga, izi si zoseka.

Koma ndisakunamizeni kuti mpando uliwonse wakale ndi mgodi. Inde, mu 2004 kampani ya Christie's ku London inagulitsa kabati yotchedwa Badminton Cabinet pa mapaundi 19 miliyoni, koma ku Britain komweko mitengo ya makabati wamba akale yakhala ikutsika chifukwa achinyamata sakuwafuna m'tinyumba tawo tating'ono. Ukalamba pawokha si mtengo. Azungu ali ndi mwayi woti kampani zonga Sotheby's, yomwe inayamba mu 1744, zimasunga kaundula wa zomwe zinagulitsidwa, choncho woyesa mtengo amakhala ndi pofanizira. Kwathu kuno akatswiri owerengera mitengo alipo, koma ntchito yawo yaikulu ndi malo, nyumba ndi makina, ndipo maofesi awo ali m'mizinda. Ndani angalipire katswiri kuchoka ku Mzuzu kupita ku Katowo chifukwa cha kabati imodzi? Apa ine ndikuona kuti ophunzira athu a ku MUBAS ndi ku Mzuni akusiya ntchito ili poyera. Chenjezo langa kwa iwo ndi limodzi: woyesa mtengo asakhalenso wogula, ndipo malipiro ake asadalire kukula kwa mtengo womwe watchula. Mwini loji uja akadatchula mtengo womukomera iye, monganso mng'ono wa malemu.

Ku Katowo tinachita zomwe tikadatha. Tinaitana kalipentala wachikulire wa pa tireding'i senta, amene analibe nawo mbali pankhaniyo. Anayeza kabatiyo ndi tepi, anatchula mtundu wa thabwa, nanena ndalama zomwe angalipiritse kuti apange yofanana nayo ngati matabwa atapezeka. Tinalemba zonse mu kope, pamodzi ndi mbiri yomwe anafotokoza mlongo wamkulu wa malemu, tinajambula zithunzi mbali zonse, a nyakwawa ndi mboni ziwiri anasaina, deti lili pamwamba. Si chikalata cha katswiri, ndipo kampani ya inshuwalansi ingathe kufuna choposa pamenepo, koma kwa DC kapena kukhoti munthu sangapite chimanjamanja.

Kabatiyo ikadali pabalaza pa apongozi anga, taikhazika pa njerwa zinayi kuopa chiswe. Mng'ono wa malemu sanasaine nawo mu kope muja, ndipo mpaka lero akabwera kudzacheza amakhala panja.