Njira Zimene Ophunzira Amalowera Ntchito m'Mabungwe Omwe Si Aboma

Mabungwe omwe si aboma, amene anthu ambiri amangowatchula kuti ma NGO, ndi mabungwe okhazikitsidwa kuti atumikire anthu popanda cholinga chopeza phindu loti eni ake agawane, kotero kuti ndalama iliyonse imene yalowa imayenera kubwerera ku ntchito imene bungwelo linalonjeza kugwira. M'Malawi muno mabungwewa amayendetsedwa motsatira lamulo la NGO Act, lomwe Nyumba ya Malamulo inalisintha mu 2022 n'kukhazikitsa NGORA, nthambi yolembetsa ndi kuyang'anira mabungwe, pamene CONGOMA ndi mgwirizano umene mabungwewo amakumaniranamo ndi kuyankhulira pamodzi. Popeza malo a ntchito m'boma ndi m'makampani ndi ochepa poyerekeza ndi achinyamata amene amatuluka chaka ndi chaka ku UNIMA, MUBAS, KUHeS, LUANAR, MUST, Mzuni ndi m'makoleji ena, maso a ophunzira ambiri amakhala pa mabungwe amenewa, ngakhale kuti ndi ochepa amene amadziwa bwino mmene munthu amalowera.

Makomo olowera ndi angapo, ndipo kuwasokoneza kumakhumudwitsa anthu ambiri. Attachment ndi nthawi imene wophunzira amene sanamalize maphunziro amatumizidwa ndi sukulu yake kukagwira ntchito kwa masabata kapena miyezi yowerengeka, atanyamula kalata yochokera kwa akuluakulu a sukuluyo, ndipo pobwera amalemba lipoti limene limapatsidwa malikisi. Internship kawirikawiri imakhala ya munthu amene wamaliza kale maphunziro ndipo akuphunzira ntchito ali pamalo a ntchito, nthawi zina akulandira kandalama koyendera ndi kodyera komwe si malipiro enieni. Palinso kudzipereka, kumene munthu amagwira ntchito mwa kufuna kwake osayembekezera kulipidwa, monga amachitira mavolontiya a Malawi Red Cross Society pa nthawi ya ngozi zogwa mwadzidzidzi. Kenako pali ntchito za masiku ochepa, makamaka zotolera mayankho pa kafukufuku, zimene zatsegulira achinyamata ambiri njira kuposa mmene anthu amaganizira.

Chinthu chimene wophunzira ayenera kumvetsa asanalembe kalata yofunsira ntchito n'chakuti ntchito za m'mabungwewa zimatsatira ndalama za pulojekiti. Pulojekiti ndi ntchito yokhala ndi cholinga chimodzi, dera lake, bajeti yake ndi tsiku lothera, ndipo imayamba bungwe likalemba pempho kwa opereka thandizo n'kuvomerezedwa. Malo onse a ntchito, kuyambira woyang'anira mpaka dalaivala, amalembedwa m'bajetiyo kuyambira pachiyambi, ndipo n'chifukwa chake bungwe likhoza kukana wophunzira waluso mwezi uno n'kufuna anthu 20 miyezi itatu ikubwerayi, osati chifukwa cha kukondera koma chifukwa thandizo latsopano lafika. N'chifukwa chomwecho makontirakiti ambiri amakhala a chaka chimodzi kapena ziwiri. Kufooka kwa dongosololi kunaonekera poyera mu January 2025, pamene boma la America linaimitsa thandizo lake la kumayiko akunja ndipo pambuyo pake linatseka bungwe la USAID, zomwe zinachititsa kuti mapulojekiti ambiri a zaumoyo, zamaphunziro ndi zaulimi aime ndipo antchito awo abwerere kunyumba. Wachinyamata amene akulowa m'gawoli lero akupikisana ndi anthu odziwa kale ntchito amene nawonso akufunafuna pogwira, ndipo kumubisira zimenezi n'kumulakwira.

Komabe ntchitoyo siinathe, ndipo yambiri ili kutali ndi kumene ophunzira amakaifunira. Kalembera wa anthu wa 2018 anapeza kuti m'dziko muno munali anthu oposa 17.5 miliyoni, ndipo pafupifupi 84 mwa anthu 100 alionse amakhala kumudzi, kotero kuti maofesi akuluakulu a ku Lilongwe ndi ku Blantyre, komwe makalata ofunsira ntchito amaunjikana, ndi kagawo kochepa chabe ka ntchito yonse. Bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo, lomwe padziko lonse limadziwika kuti Partners In Health, lakhala likugwira ntchito ku Neno kuyambira 2007. Mary's Meals, imene inayamba kuphikira ana phala m'dziko muno mu 2002, imafika m'sukulu zapulaimale za m'maboma ambiri. Bungwe la YONECO linakhazikika ku Zomba. Ku Dzaleka m'boma la Dowa kuli mabungwe otumikira anthu othawa kwawo, monga Jesuit Refugee Service. Ndipo African Parks imasamalira nkhalango za Majete, Liwonde ndi Nkhotakota. Zipatala za mipingo zomwe zili pansi pa CHAM, zimene zimapereka pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a chithandizo cha zaumoyo m'dziko muno, nazonso zambiri zili kumadera akumudzi. Wophunzira amene wavomera kupita ku Nsanje, ku Chitipa kapena ku Ntchisi amapeza opikisana naye ochepa, ndiponso amapatsidwa ntchito yeniyeni msanga, chifukwa ofesi ya antchito asanu siingakwanitse kusunga munthu wongokhala.

Kuboma n'kumene munthu amaphunzira mmene chitukuko chimayendera. Potsatira ndondomeko yopereka mphamvu ku makhonsolo ya 1998, bungwe lisanayambe ntchito m'boma limakafotokoza pulojekiti yake ku komiti ya akuluakulu a nthambi za boma ndi mabungwe, yotchedwa DEC, kenako limatsikira ku komiti yachitukuko ya dera la mfumu yaikulu, ADC, ndi ya m'midzi ya gulupu, VDC. Wophunzira amene ali pa attachment amatha kupezeka atakwera kumbuyo kwa njinga yamoto m'mamawa, atanyamula kaundula ndi mapepala aakulu olembapo, n'kukafika pabwalo pomwe amayi a banki m'khonde akhala mozungulira bokosi lawo lokhala ndi maloko atatu, mlembi akuitana mayina ndipo aliyense akuponya masheya ake pambale. Pamenepo amaphunzira zimene m'kalasi zimangotchulidwa modutsa: kuti msonkhano suyamba mfumu isanapatsidwe ulemu wake, kuti mlangizi wa zaumoyo kapena wa zaulimi wa m'deralo ndiye amadziwa khomo lililonse ndipo kumudumpha n'kudzitsekera njira, ndiponso kuti m'nyengo yolima anthu sabwera kumsonkhano wa m'mawa. Chiyankhulo nachonso chimasanduka chuma, pakuti wodziwa Chiyao amafunika ku Mangochi ndi ku Machinga, wodziwa Chisena ku Chikwawa ndi ku Nsanje, wodziwa Chitumbuka ku Rumphi ndi ku Mzimba, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti ophunzira ambiri salemba ziyankhulo zimenezi pa CV yawo poganiza kuti n'zosafunika.

Pali maganizo olakwika akuti mabungwewa amangofuna anthu amene anaphunzira zachitukuko kapena zosamalira anthu, monga otuluka ku koleji ya Magomero kapena ku Catholic University of Malawi ku Nguludi. Zoona zake n'zakuti bungwe lililonse limafuna wowerengera ndalama, wogula katundu, wosunga katundu m'nyumba zosungiramo, wodziwa makompyuta ndi wolemba nkhani, popeza opereka thandizo amafuna umboni wa kwacha iliyonse. Gawo limene limasowa anthu kawirikawiri ndi la kalondolondo ndi kuunika ntchito, lomwe m'maofesi amalitchula mwachidule kuti M&E, ndipo ntchito yake ndi kuyeza ngati pulojekiti ikukwaniritsa zimene inalonjeza. Wophunzira amene amadziwa bwino Excel, amene angathe kukonza mafunso pa KoboToolbox kapena ODK, mapulogalamu otolera mayankho pafoni kapena patabuleti ngakhale komwe kulibe intaneti, ndiponso amene angalembe lipoti la masamba awiri lomveka bwino, amakhala patsogolo pa mnzake amene ali ndi digiri yapamwamba koma alibe luso limeneli. Chiphaso choyendetsera njinga yamoto, chimene ambiri amachinyoza, chimalembedwa m'zofunika pa ntchito zambiri za kumudzi.

Ntchito yotolera mayankho pa kafukufuku ndi yoyenera kuikambapo mwapadera, chifukwa ndi pamene mbiri ya munthu imamangidwa kapena kugumuka. Wotolera mayankho amaphunzitsidwa kwa masiku angapo, kenako amapatsidwa chiwerengero cha makomo oti ayendere patsiku, ndipo pakhomo lililonse amayenera kufotokoza cholinga cha kafukufukuyo ndi kupempha chilolezo asanafunse funso loyamba. Dzuwa likatentha ndipo makomo atatalikirana, chiyeso chokhala pansi pa mtengo n'kudzaza yekha mayankho chimakula, koma zipangizo za masiku ano zimasunga malo ndi nthawi imene mafunso anafunsidwa, ndipo woyang'anira amazindikira msanga fomu ya mphindi 40 imene yadzazidwa m'mphindi 6. Choipa chachikulu si kugwidwako ayi, koma kuti mayankho abodza amasokeretsa thandizo, n'kusiya banja lovutikitsitsa kunja kwa kaundula. Oyang'anira kafukufuku amasunga mayina a achinyamata okhulupirika ndipo amauzana, kotero kuti amene wagwira bwino sabata ziwiri amaitanidwanso, ndipo ambiri amene lero ndi maofesala anayambira pomwepo.

Vuto limene mabungwe ayenera kuliyang'ana mosazemba ndi la kuphunzira ntchito kosalipidwa. Mwana wa m'banja lopeza bwino, amene kwawo ndi mumzinda momwemo, akhoza kugwira miyezi 6 osalandira kanthu, pamene mnzake wochokera kumudzi, amene anaphunzira ndi ngongole ya boma ndipo ayenera kulipira lendi, thiransipoti ndi chakudya, sangakwanitse ngakhale mwezi umodzi, makamaka chitsikireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023. Zotsatira zake n'zakuti mabungwe olimbana ndi umphawi amatsekera kunja ana a anthu omwe akuwatumikirawo, amene ndiwo amadziwa bwino moyo wa kumudzi. Boma linayambitsa mu 2018 ndondomeko yotumiza omaliza maphunziro kukaphunzira ntchito m'maunduna ndi m'makhonsolo likuwapatsa kandalama pamwezi, ndipo CorpsAfrica, imene imatumiza achinyamata a ku Malawi konkuno kukakhala ndi kutumikira m'midzi, imawasamalira pa zofunika za tsiku ndi tsiku. Palibe chifukwa chomveka choti bungwe lokhala ndi bajeti ya mamiliyoni ambiri lilephere kuikamo ndalama yoyendera ndi yodyera ya wophunzira. Chofunikanso n'chakuti malowo alengezedwe poyera, m'nyuzipepala monga The Nation ndi The Daily Times, pa masamba a intaneti a bungwelo ndi m'masukulu, m'malo momangogawidwa kwa abale ndi anansi a antchito.

Wophunzira nayenso ali ndi zoyenera kusamala, pakuti kusowa kwa ntchito kwabala akathyali amene amafalitsa malonda abodza a ntchito pa WhatsApp ndi pa Facebook, atabera chizindikiro cha bungwe lodziwika, n'kumapempha ndalama ya fomu kapena ya maphunziro kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba. Bungwe lenileni sililipiritsa munthu kuti afunsire ntchito, ndipo amene akukayika angathe kufunsa ku NGORA, ku CONGOMA kapena ku ofesi ya bwanamkubwa ngati bungwelo likudziwika. Choopsa china, chimene chimagwera atsikana kwambiri, ndi cha akuluakulu amene amafuna chibwenzi posinthana ndi malo a ntchito. Kuchokera mu 2018, pamene nkhani za nkhanza zotere m'mabungwe othandiza anthu zinawanda padziko lonse, opereka thandizo ambiri amafuna kuti bungwe likhale ndi malamulo oteteza ana, anthu othandizidwa ndi antchito, pamodzi ndi njira yachinsinsi yokadandaulira, ndipo wophunzira ali ndi ufulu wofunsa za njira imeneyo pa tsiku loyamba lomwe.

Asanayambe, ndi bwino kuti wophunzira apemphe kalata ya mgwirizano yofotokoza nthawi imene adzakhale, ntchito zimene adzagwire, dzina la womuyang'anira ndi ndalama imene adzalandire ngati ilipo, chifukwa popanda kalata yotere miyezi imatha akungojambula mapepala ndi kutumidwa kukagula chakudya chamasana. Ali mkati mwa ntchito azilemba m'kope zimene wachita ndi ziwerengero zake, monga magulu amene waphunzitsa, makomo amene wayendera ndi malipoti amene wathandiza kulemba, pakuti zimenezi ndizo zimafunsidwa pa intavyu. Kalata ya umboni aipemphe sabata yomaliza isanakwane, womuyang'anira akadali pomwepo, popeza pulojekiti ikatha antchito amabalalika ndipo ofesi ya kuboma ikhoza kutsekedwa m'mwezi womwewo.