Mwana akakuuzani kuti anzake akumuvutitsa, muyambire pati?

Ndimagwira ntchito yongodzipereka yoteteza ana kuno kumsasa wa Dzaleka, ndipo tikamacheza ndi makolo m'mazoni, mawu amene ndimawamva kawirikawiri ndi akuti, "Asiyeni, ndi ana, mawa aseweranso limodzi." Nthawi zina zimaterodi. Ana awiri amsinkhu umodzi akalimbirana mpira wachikulunga, kukacha amakhala aiwala. Koma kupezerera mnzako ndi nkhani ina. Wopezererayo amachita dala kuti mnzake amve kuwawa, amachita mobwerezabwereza, ndipo amasankha amene sangathe kudziteteza: wamng'ono, mlendo, wolumala, wosowa m'bale, kapena amene sanadziwe chinenero. Zikafika apa, sizitha zokha.

Vutoli si la kumsasa kokha. Lipoti la UNESCO la mu 2019 linasonyeza kuti pafupifupi wophunzira mmodzi mwa atatu aliwonse padziko lonse anali atavutitsidwa ndi anzake kusukulu m'mwezi umodzi wokha. Kuno ku Malawi, kafukufuku wa nkhanza zochitikira ana amene anachitika mu 2013 anapeza kuti anyamata awiri mwa atatu aliwonse ndi atsikana awiri mwa asanu aliwonse anamenyedwapo kapena kuchitiridwa nkhanza zina zapathupi asanakwanitse zaka 18.

Komabe kuno kuli zina zimene zimakolezera moto. Msasawu unatsegulidwa mu 1994 kuti musungidwe anthu osapitirira 12,000, koma lero tapitirira 50,000. Mu 2023 kunabweranso mabanja ambiri amene ankakhala m'matauni boma litalamula kuti abwerere kumsasa, ndipo ana awo anayamba moyo watsopano pakati pa anzawo osawadziwa. M'kalasi imodzi mumakhala ana ochokera ku DRC, Burundi, Rwanda, Somalia ndi Ethiopia, pamodzi ndi ana a Chimalawi a m'midzi yozungulira. Mtsikana wa zaka 14 amene nkhondo inamudula sukulu amapezeka akuphunzira ndi ana a zaka 9, ndipo akalakwitsa liwu la Chichewa kapena la Chingerezi, kalasi yonse imafa ndi phwete. Mphunzitsi mmodzi amene ali ndi ana odzaza kalasi mpaka pakhomo sangaone zonse.

Kunena zoona, zambiri sizichitikira m'kalasi n'komwe. Zimachitikira kuseri kwa zimbudzi, pamzere wa phala, pamjigo, ndi panjira yobwerera kunyumba. Wina amalandidwa cholembera kapena ndalama ya mandasi tsiku lililonse. Wina amapatsidwa dzina lonyoza mtundu wake, khungu lake kapena chilema chake. Atsikana amasekedwa akadetsa diresi pa nthawi ya kumwezi, ndipo ena amajomba sabata yonse chifukwa cha zimenezo. Palinso kusalidwa, kumene sikusiya chipsera chooneka: anzake amangogwirizana kuti asamuyankhule, asakhale naye benchi limodzi. Kwa achinyamata amene ali ndi mafoni, chipongwe chimawatsatira mpaka pamphasa usiku, chifukwa chithunzi chikaponyedwa pa gulu la WhatsApp kapena pa Facebook, m'mawa zoni yonse imakhala yachiona.

Ana ambiri sanena. Mumangoona kuti mwana amene ankakonda sukulu wayamba kudandaula m'mimba m'mawa uliwonse, Loweruka n'kukhala bwinobwino. Makope akung'ambika, nsapato zikusowa, akuzungulira njira yaitali, wayambanso kukodza pogona, kapena akukalipira azing'ono ake popanda chifukwa. Ana athu ena anaona zoopsa asanafike kuno, choncho zizindikirozi zikhoza kuchokera kwina. Njira yodziwira ndi kumufunsa, muli awiri, mopanda ukali. Funso lakuti "Pa buleki umakhala ndi ndani?" limatsegula pakamwa kuposa lakuti "Wakumenya ndani?"

Pamene mwana walimba mtima n'kunena, mawu anu oyamba ndi amene amagamula ngati adzanenenso. Mukati "Iwe unawaputa chiyani?" amamva kuti wolakwa ndi iye. Mukati "Mwamuna salira, ukabwezere," mwamutuma kukamenyana ndi anthu omuposa mphamvu, ndipo akagonja sadzabweranso kwa inu. Mumvetsereni mpaka amalize. Muuzeni kuti wachita bwino kunena ndipo si kulakwa kwake. Funsani kuti zinachitikira kuti, liti, ndipo anaona ndani. Ngati ndi za pafoni, musafufute mauthengawo, ndi umboni. Kenako muuzeni zimene mukufuna kuchita musanachite, chifukwa chimene mwana amaopa kwambiri n'chakuti akuluakulu akalowererapo mosasamala, mawa adzamenyedwa kawiri chifukwa choulula.

Apa ndikufuna ndichedwepo pang'ono, pakuti ndi pamene nkhani zambiri zimaonongekera. Kholo likamva kuti mwana wake wazunzidwa, mtima umalitumiza kukhomo la mnzake nthawi yomweyo. Ndaonapo nkhani ya ana awiri itasanduka ya mabanja awiri pofika madzulo, ndipo pofika mawa anthu akuti "a dziko lakuti atiyamba." Kumsasa kumene nyumba ndi zogundizana ndipo anthu ambiri anathawa nkhondo za mitundu, zimenezi sizichedwa kuyaka. Mwana uja amene anadandaula amaiwalika, n'kumadziona ngati ndiye wayambitsa chipwirikiti. Choncho musapite nokha, ndipo musakamenye mwana wa eni. Ngati zachitikira kusukulu, yambirani kwa mphunzitsi wa kalasi, zikakanika kwa mphunzitsi wamkulu kapena komiti ya sukulu. Ngati zachitikira kumudzi, onanani ndi mtsogoleri wa zoni kapena ogwira ntchito yoteteza ana kuti akhale pakati. Musanachoke, gwirizanani tsiku lodzaonanso ngati zasintha. Misonkhano yambiri imathera pa kupepesana ndi kugwirana chanza, koma palibe amene amabwerera patatha sabata ziwiri kudzafunsa mwanayo.

Nanga mukauzidwa kuti wovutitsa anzakeyo ndi wanu? Zimapweteka, ndipo ambirife timathamangira kukana kapena kuthyola mkwapulo. Zonse ziwiri sizithandiza. Mwana amene wakwapulidwa chifukwa chomenya mnzake amaphunzira kuti wamkulu ali ndi ufulu womenya wamng'ono, phunziro lomwe lija amakalichita kuseri kwa zimbudzi. N'chifukwa chake malamulo a zamaphunziro m'dziko muno saloleza ngakhale mphunzitsi kumenya wophunzira. Muuzeni mwanayo mosapita m'mbali kuti zimenezo zithe, abweze chimene analanda, ndipo fufuzani chimene chikumudya. Ena amapezerera anzawo chifukwa nawonso akumenyedwa kwina, ena chifukwa cha njala, ena akufuna kutchuka pagulu. Ndipo tidzifunse za mawu athu. Mwana wa zaka 7 sabadwa akudziwa dzina lonyozera mtundu wina. Amalimva pakhomo, tikamacheza madzulo poganiza kuti wagona.

Kwa inu ophunzira amene mukuwerenga: wopezerera mnzake amafuna omuonerera. Mukaseka, mwamulipira. Sindikuti mukalowe pakati pa ndewu n'kuvulala. Mukhoza kungosiya kuseka, kukana kutumiza chithunzi chija kwa ena, kuitana mphunzitsi, kapena kuyenda limodzi ndi mnzanuyo pobwerera kunyumba. Kunena kuti wina apulumuke si ukazitape.

Pali zina zimene si zokambirana pansi pa mtengo. Kugwiririra, kugwira mwana malo obisika, kumuvulaza, kumuopseza ndi mpeni, kumukakamiza kugonana posinthana ndi chakudya, ndalama kapena malikisi, yonseyi ndi milandu, kaya wochitayo ndi mnzake, wachibale, mphunzitsi kapena wogwira ntchito m'bungwe. Kuyambira mu 2017, Malamulo Oyendetsera Dziko la Malawi amati mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18, ndipo lamulo losamalira ndi kuteteza ana la mu 2010 limateteza mwana aliyense amene ali m'dziko muno, wothawa kwawo ngakhalenso nzika. Musalandire mbuzi kapena ndalama kuti nkhani ithere pakhomo. Mwana akagwiriridwa, mufikitseni kuchipatala msanga, maola 72 asanathe, kuti alandire mankhwala a PEP oteteza ku HIV. Kupolisi, funsani ofesi yothandiza ochitiridwa nkhanza, imene ambiri amaidziwa kuti Victim Support Unit. Mukhozanso kuimba 116, nambala yaulere yothandiza ana, ndipo mwana angathe kuimba yekha.

Makolo ena amandinong'oneza kuti amaopa kudandaula poganiza kuti dzina lawo likalembedwa penapake, nkhani ya mapepala awo isokonekera. Kudandaula kuti mwana wanu wachitiridwa nkhanza si mlandu, ndipo sikukuchotserani ufulu wanu ngati munthu wothawa kwawo. Thandizo la UNHCR ndi mabungwe ogwira nawo ntchito ndi laulere. Wina akakupemphani ndalama kuti nkhani yanu imveke, kaneneni zimenezonso. Ngati Chichewa kapena Chingerezi chimakuvutani, pemphani womasulira, ndipo ngati mtsikana akufuna kuyankhula ndi mayi osati bambo, nenani pofika pomwe.